Simbi Yanga Siimwa Madzi a Pamjigo

Amene akukayika aimirire pompano apite kumsika wa Ngabu akafunse telala aliyense kuti simbi yotulutsa nthunzi yokhalitsa kuno kuchigwa ndi ya ndani. Akuuzani kuti ndi yanga, ine Fulaitoni wosoka pakhonde. Ndinaigula ndisanamere imvi, koma mpaka lero ikunyezimira.

Chinsinsi chake ndi madzi. Madzi a pamjigo kuno ndi amchere, amatseka timabowo ta nthunzi, simbi n'kufa. Yanga imamwa madzi amvula okhaokha, ndipo ndikatha kusita ndimaikhuthula, n'kuiimika chilili. Mukumva?

Tsoka linabwera pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Diresi ndinasoka ndekha, koma linali makwinya okhaokha ngati khungu la ng'ona, ukwati uli mawa lake. Ndili kumsika kogula zipi, mlamu wanga anathira m'simbimo madzi a pamjigo. Nditamufunsa anangoti, "Alamu, madzi ndi madzi basi." Simbi inangoti zii, mkwati n'kuyamba kulira kuti akachita manyazi kutchalitchi.

Ine sindinatekeseke. Ndinafinya bwemba, ndinathiramo madzi ake owawasa aja, ndipo poti magetsi kunalibe ndinaika simbiyo padenga la malata masana a Okutobala, dzuwa la Ngabu lija limaphika dzira likadali m'mimba mwa nkhuku, ndipo simbi inatentha, inatsokomola, inalavula mchere wodzaza ngolo moti ng'ombe za m'mudzi muno zinanyambita chilimwe chonse, kenako inatulutsa nthunzi imene inakwera mpaka kumapiri a Chikwawa, maminibasi a ku Blantyre n'kuyatsa nyali masanasana, nthunziyo n'kusanduka mtambo, mvula n'kugwa, Shire n'kudzaza mpaka ku Chiromo, ine n'kutchera ndowa pansi pa denga kuti ndipezeretu madzi a simbi yomweyo. Mukumva? Ndikunama mphenzi ing'ambe makina angawa.

Diresi ndinangolidutsitsa kamodzi. Linawongoka moti linaima lokha pakhonde, mkwati anachita kukwera pampando kuti alowemo, ndipo keke paukwatipo anadulira mpendero wake. Nthunzi yotsala inawomba agogo ake a mkwati kumaso, makwinya onse balala, abusa n'kuwafunsa ngati nawonso akufuna mwamuna.

Mukuti ndiitulutse muione ikusita? Kuiona muiona, ili m'katoni yake pamwamba pa kabati, koma osaigwira ndi manja a thukutawo. Zoilumikiza kumagetsi ndiye ayi. Mapolo sanafikebe kuno kwathu, anathera kumsewu waukulu. Zovala zanuzi ndimasitira simbi ya makala, inayo ndimangoipukuta Loweruka lililonse. Simbi zanu zosita tsiku ndi tsiku zija mwataya zingati kudzala? Yanga sinafepo, ndipo bola magetsi asabwere, idzandiika m'manda ndi iyo.