Nkhodolero ya a Ng'oma

Mpaka lero ndikamadutsa pa Malomo pa minibasi ndimawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Anthu a kumeneko sanandilakwire, ayi. Wolakwa ndinali ine, ndipo chimene chinandigwetsa n'chaching'ono kuposa nsabwe.

Inali nthawi ija zipani zitachuluka, mabungwe nawonso ali mbwee. Ndinali nditangomaliza maphunziro a makompyuta ku Lilongwe pamene bungwe lina lothandiza alimi a chimanga ku Dowa ndi ku Ntchisi linandilemba ntchito. Ankafuna tsamba la pa intaneti lolembetserapo alimi olandira mbewu, kuti mayina ochokera ku maofesi awo awiri azikalowa m'nkhokwe imodzi ya pa kompyuta, ija timati detabesi.

Panali njira ziwiri zoti tsambalo lizilankhulana ndi nkhokweyo. Yoyamba inali yoti ndilembe ndekha malamulo a SQL (chilankhulo chimene nkhokweyo imamva), dzina la mlimi n'kungolimata m'kati mwa lamulo momwe lalembedwera. Yachiwiri inali yodzera pa kapulogalamu kapakati, kokhala ngati mlonda wa pachipata, kamene kamalandira dzina palokha n'kukalipereka mwadongosolo.

Bwana wanga, mayi Nabanda, anayamba kugwira makompyuta nthawi ya chipani chimodzi.

"Achimwene, dzerani njira yachiwiriyo," anatero. "Imachedwa kukonza, koma simudzalira nayo."

"Mayi, imeneyo ndi ya anthu osadziwa SQL," ndinayankha. (Eetu, ndinatero, kwa munthu wa msinkhu wa mayi anga.) "Yangayi imathamanga."

Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Chabwino. Koma muiyesere ndi mayina ambiri."

Ndinaiyeseradi: Banda, Phiri, Mwale, ndi Banda wina.

Tsiku lokaonetsa alimi ndinapita ndekha ku Malomo, kompyuta nditaikulunga m'bulangete, jenereta kumbuyo kwa galimoto. Holo ya tchalitchi inadzaza. Wapampando wa makalabu a alimi anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, wovala jekete yokhala ndi mabolopeni atatu m'thumba. Pofuna kuwapatsa ulemu, ndinati akhale oyamba kulembedwa.

"Dzina, bambo?"

"Yohane Ng'oma. Musaiwale nkhodolero, kachizindikiro ka m'mwamba kaja. Ndaphunzitsa Chichewa moyo wanga wonse."

Ndinalemba, n'kudina. Tsamba linangoti mbuu, kenako mizere ya Chingerezi yodandaula. Ndinabwereza. Chimodzimodzi.

"Ikuti bwanji?" anafunsa a Ng'oma.

"Ikuganiza, bambo."

"Iganize msanga," anatero wina kumbuyo. "Njingayi ndabwereka."

Pamenepo ndinazindikira vuto. Kwa SQL, kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti mawu athera pamenepo. Nkhokwe inkamva kuti munthuyo dzina lake ndi "Ng", zotsalazo n'kuziyesa misala. Mlonda uja ndinamukana akanazikonza popanda ine kudziwa n'komwe.

Munthu wanzeru akanavomera pomwepo. Ine ndinanamizira jenereta. Ndinapempha anthu kuti apume kaye, ndipo ali panja ndinalemba kamzere kamodzi kolamula kuti nkhodolero iliyonse izichotsedwa dzina lisanalowe. Atabwerera, ndinadina, dzina n'kulowa. Anawomba m'manja. (Ndinaweramanso pothokoza, taganizani.) Mayi Nabanda ndinakawauza kuti zonse zayenda ngati madzi.

Chimene sindinadziwe n'chakuti m'kalabu yomweyo munalinso mlimi wina, Yohane Ngoma, wopanda nkhodolero chibadwire. Pulogalamu yanga sinkalola dzina limodzi kuoneka kawiri m'kalabu imodzi, choncho inawaphatikiza anthu awiriwa kukhala munthu mmodzi.

Mvula itagwa, linafika tsiku logawa mbewu. Kalaliki anaitana dzina, a Ngoma anayankha msanga, n'kumangirira thumba pa njinga, ulendo. Wapampando, amene anayendera midzi yonse kulimbikitsa anthu kulembetsa, anakhala pa benchi mpaka thumba lomaliza. Anzawo anakadzala mawa lake. Munda wa a Ng'oma unangokhala mizere yokhayokha.

A kalabu anatiitana. Ulendo uno mayi Nabanda anabwera nawo. A Ng'oma anayala pepala la mayina patebulo, n'kuloza ndi bolopeni.

"Mwana wanga, ng'oma imaimbidwa. Ngoma ndi nyama ya kutchire, ya nyanga. Inu mwandisandutsa nyama, kenako mwandipereka kwa munthu wina."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ine ndinayamba kufotokoza za SQL, koma mayi Nabanda anandidula.

"Cholakwa n'cha ofesi yathu, bambo. Mbewu yanu ibwera."

Sananene kuti anandichenjeza, pamenepo ngakhale m'galimoto. Anangondipatsa ntchito yokonzanso tsamba lonse kudzera njira yachiwiri ija, komanso kubwezera nkhodolero pa dzina lililonse. A Ng'ambi, a M'manga, a Chim'gonda, onsewo ndinali nditawameta osawapempha.

Mbewu inapezeka patatha masiku anayi, ndipo anati ndikapereke ndekha. Galimoto inakanika kukwera chitunda chifukwa cha matope, ndiye thumba ndinalisenza paphewa, nsapato za ku ofesi zikutereka, amayi a m'minda akuimitsa makasu kuti aone bwino. A Ng'oma ndinawapeza pakhonde. Anandipatsa mpando, akazi awo n'kundipatsa madzi. Nditapuma ndinayambanso kulongosola kuti makompyuta anapangidwa ndi anthu osadziwa Chichewa.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa mwakachetechete:

"Ku sukulu yanu ya makompyuta ija, amaphunzitsako kupepesa?"

Sankaphunzitsa. Ndinaphunzirira pakhonde pomwepo, matope ali m'mawondo, ndipo mphunzitsi wopumayo anandibwerezetsa kawiri chifukwa koyamba ndinalankhulira m'khosi.