Kwa Bwana wa Kampani ya Bongo Watsopano: Za Nkhope ya Amayi Anga

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ndine Tiwo, mwana wa ba Magdalene Chabwera a ku Mtendere. Ndimasoka zovala pakhonde ndipo sukulu sindinapite nayo patali, choncho mundikhululukire ngati kuthokoza kwangaku sikukufika pa ulemu wanu.

Amayi anayamba kuiwala chaka chatha. Ankathira mchere mu tiyi, kenaka anayamba kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ku kiliniki anatiuza kuti ndi matenda a ubongo, kuti mankhwala ochiziratu kulibe, tiziwasamala ndi kumabwera nawo. Mwamwayi, ba Kombe, wogulitsa mapiritsi anu, anafika kutchalitchi kwathu atavala tayi, natiuza kuti anamwino za ubongo sazidziwa. Ku kiliniki tinasiya kupitako. Ndiloleni ndithokoze mwandondomeko.

1. Zikomo potiphunzitsa. Pabotolo munalemba kuti mapiritsiwa ndi a malambe, chamwamba ndi mafuta a kapenta. Amayi agulitsa malambe ndi kapenta pamsika wa Mtendere kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo akhala akudya zomwezo. Umbuli ndi woipa, bwana. Sitinadziwe kuti zakudyazi zimayamba kugwira ntchito zikalowa m'botolo la chivindikiro chagolide.

2. Zikomo chifukwa cha ba Kombe. Nditawauza kuti amayi tsopano sakudziwanso khomo la chimbudzi, anandifotokozera modekha kuti ubongo umayamba kuchira kunkhongo, ndipo kuti mankhwala afike kutsogolo pamafunika botolo lalikulu. Tinagula lalikulu. Masiku ano foni yawo siyankhidwa. Ndikukhulupirira kuti atanganidwa ndi kuchiza ena.

3. Zikomo kwambiri pa chithunzi. Ba Kombe anajambula amayi atanyamula botolo, akuti n'chachikumbutso. Tsopano nkhope yawo ili kumbuyo kwa maminibasi, pansi pake pali mawu akuti, "Ndikukumbukira zonse!"

Mwezi watha, ine ndili kumsika kukagula ulusi, amayi anatuluka. Anakwera minibasi mpaka kutauni, nakweranso ina ya ku Lilanda, kumene ankakhala ndi malemu bambo anga ali achitsikana. Analowa pabwalo pa eni ake n'kuyamba kusesa. Atafunsidwa dzina, anangopitiriza kusesa. Anthu anasonkhana n'kumakuwa kuti mfiti yagwa pa ulendo. Mwala umodzi unawang'amba pachipumi. Amene anawapulumutsa ndi ba Chola, kondakitala, amene anakankha anthu akufuula kuti, "Basiyeni imwe! Aba ni bamayi ba pa basi yathu!" Anawatengera kupolisi, kumene ndinakawapeza atakumbatira tsache la eni ake lija, magazi atauma m'nsidze. Anandipatsa moni mwaulemu, monga achitira ndi mlendo aliyense.

Choncho pasakhale wonena kuti kampani yanu sinatithandize. Pa zonse zimene munatipatsa, chithunzicho chinagwira ntchito.

Pempho langa n'laling'ono, bwana. Sindikupempha kuti muchotse nkhope ya amayi pamabasi, poti ndikudziwa kuti malonda ndi malonda. Ndikungopempha kuti pansi pa mawu akuti "Ndikukumbukira zonse" mulembepo nambala yanga ya foni, ndi zilembo zazikulu ndithu, kuti amayi akadzasocheranso, owapeza adzadziwe kowabwezera asanatole miyala.

Ine wanu wogwada pansi,

Tiwo Chabwera
Telala, Mtendere