Mwendo Umene Unatsutsa Chipani

Kumudzi kwathu mpaka lero amati ndinatsutsa chipani ndi mwendo. Limenelo ndi bodza, ndipo ndilikonza pano.

Bondo langa linayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri chifukwa chotsika mapiri a Neno nditasenza matumba a mbatatesi. Adokotala anati choterera chimene chili kuseri kwa kafupa ka pabondo chayamba kuperepeseka. "Simulumala, bambo, bola mumvere. Lekani kunjuta, ndipo katundu wolemera motsetsereka ayi. Muzikhala pansi, mwendo chiwongolere, n'kumaukweza pang'onopang'ono kuti ntchafu ilimbe." Anandilembera pakapepala (ndikadali nako m'chitini, pamodzi ndi makhadi onse a chipani).

Ine ndikauzidwa chinthu ndimachita. Ndinkakweza mwendowo m'mawa, masana, ngakhale potong'ola chimanga, mpaka unazolowera kukwera wokha.

Tsiku lina kunali msonkhano wa nthambi ya chipani, tonse titakhala padothi. Atcheyamani, munthu wamimba yake ndithu, anafuula: "Alipo wotsutsa? Akweze dzanja!" Masiku amenewo ngakhale wofuna kukanda m'mutu ankadikira. Koma mwendo wanga, uwo, m'mwamba!

"Achikulire inu, mukutsutsa ndi phazi?" anatero atcheyamani.

Anyamata a malaya ofiira anayamba kundiyandikira. Mayi akunyumba anagwira pakamwa. Wotengedwa pamsonkhano wotere sankadziwika tsiku lobwerera.

"Ndi mankhwala a bondo, bwana."

"Mankhwala? Nanga chikalata chake?"

Chinali m'chitini, kunyumba. (Pepala lofunika sindiyenda nalo. Thukuta limafufuta inki.)

Atcheyamani anabwera okha, nanjuta kuti alione bondolo. Pompo lawo linalira: khetche, khetche! Mpaka akumbuyo anamva. Anayesa kudzuka, zinakanika. Amene anawadzutsa ndine, wotsutsa uja.

Ali chigwirire mkono wanga anandinong'oneza: "Eti, adokotala anati muzikweza bwanji?"

"Chiwongolere, bwana. Komanso muleke kunjuta."

Anatembenukira anthu: "Palibe wotsutsa pano! Mwendo uwu ndi wachitukuko!" Amayi nthungululu.

Mvula isanagwe bondo langa linali litaleka kupweteka, ndipo komiti yonse inkasonkhana pakhonde panga kudzakweza miyendo, ine ndikuyang'anira. Kulira kokha bondo langalo silinaleke, koma phiri ndimakwerabe popanda ndodo.

Kapepala kaja sikanatulukebe m'chitini, ndipo sikadzatuluka. Chimene chinasintha n'chimodzi: kutchalitchi abusa akafunsa ngati alipo wotsutsa ukwati, mayi akunyumba amandipanikiza bondo ndi manja awiri.