Sabata Imene Ndinali Mpondamatiki ku Nairobi

Pali Amalawi ena mu Nairobi muno amene mpaka lero akandiona amati, "Bwana Landilodi afika," kenako n'kutembenukira kumbali kuti ndisawaone akuseka. Ndaganiza zoti nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa ikamakambidwa ndi ena, mbali yanga yabwino amaisiya dala.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina loona za ulimi, ndipo timakhala ku Hurlingham ndi akazi anga, mayi a Tadala. Kuno munthu wapantchito amayenera kudzaza fomu ya msonkho pa intaneti chaka chilichonse, mwezi wa Juni usanathe. Anzanga a ku ofesi amangopatsira munthu wina amene ndi ntchito yake, n'kumulipira kangachepe. Ine ndinakana. Munthu wopita kusukulu, wolemba malipoti amene mabwana amawerenga akugwedeza mutu, ndigonje pamaso pa kafomu?

"Bambo a Tadala, bwanji osangowapatsa odziwawo?" anandifunsa akazi anga.

"Odziwawo ndi amene mukulankhula nawowa," ndinayankha.

Loweruka m'mawa ndinakhala pa kompyuta, kapu ya tiyi pambali. Za malipiro sizinavute, poti msonkho wake abwana amadula kale mwezi ndi mwezi. Kenako ndinaona malo ofunsa ngati ndimalandira ndalama za lendi. Ife tili ndi kanyumba ku Area 25, ku Lilongwe (ndati kanyumba: zipinda ziwiri, denga lodontha pakona, ndipo wokhalamo ndi mphunzitsi amene amalipira akakumbukira). Ndinadziuza kuti ine ndine Mmalawi, m'dziko la eni sindidzabisa ngakhale tambala. Asadzapezeke Mkenya wonena kuti Amalawi ndi ozemba msonkho chifukwa cha ine.

Ndinaphatikiza lendi ya chaka chonse n'kuilemba mmene inalili. Apa ndiye gwirani bwino: nambala ija inali ya makwacha, pomwe fomu inkafuna mashilingi. Amene munasinthapo ndalama mukudziwa kuti kwacha imafunika mulu ndithu kuti ifanane ndi shilingi. Maziro anangoti ndandanda ngati mazira pa thireyi, ine osaona cholakwika. Ndinadina potumizira, ndinawongola khosi.

Chikhala kuti ndinalekera pomwepo, bwenzi manyazi ali a m'nyumba. Koma ndinajambula tsamba lonse n'kutumiza ku gulu lathu la pafoni la Amalawi okhala mu Nairobi, ndi uthenga pansi pake: "Abale, tikakhala kunja ndife akazembe a dziko lathu. Ine yanga ndadzaza, ndaulula chilichonse. Nanga inu?"

Gulu lonse linati zii. Ndinaganiza kuti chikumbumtima chawagwira.

Mawa lake tinapita ku mapemphero a Amalawi ku Karen, kunyumba kwa a Mbewe, amene ndi wapampando wathu. Masiku onse ine ndimakhala pafupi ndi chitseko, poyandikana ndi nsapato za anthu. Tsikuli a Mbewe anadzandilandira pageti penipeni, ndi manja awiri.

"Achimwene, takulandirani. Kudzichepetsa kwanu kwatiphunzitsa zambiri."

Anandikhazika pa sofa wamkulu. Nyama inayambira kwa ine. Mayi wina amene sanandipatsepo moni chibwerereni anandifunsa ngati ndingamuthandize maganizo pa bizinesi yake. Pomaliza a Mbewe anandikokera pambali n'kundipempha kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka pa mwambo wosonkhetsa ndalama za thumba la maliro, lija limatithandiza kutumiza thupi kumudzi wina akatisiya kuno. Ndinavomera mwaulemu. (Mumtima ndinkati, taonani, chilungamo chimalipira, ndipo sichichedwa.)

Tinabwerera pa takisi, ine ndi mayi a Tadala. Titangolowa m'nyumba anatseka chitseko n'kuima patsogolo panga.

"Nyumba zinazo zili kuti?"

"Nyumba ziti?"

"Musandiyese mwana. Akazi a Mbewe andifunsa kukhitchini ngati mafulati athu ali ku Kilimani kapena ku Westlands. Ine ndimakangana ndi mama mboga, mayi wogulitsa masamba uja, pa mtengo wa tomato, inu muli ndi mafulati? Mukusungamo ndani? Dzina lake ndani?"

Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu ndi makolo. Ndinatsegula chithunzi chija kuti ndiwaonetse, ndipo ndikunena zoona, sindinaonebe vuto. Nambala inali yomwe ija ndimaidziwa pamtima. Iwo anatenga pilo n'kusamukira kuchipinda kwa Tadala. M'mawa ankandipatsa "Mwadzuka bwanji, bambo" wozizira, wa mlendo amene wakhalitsa.

Pakati pa sabata kunabwera uthenga wa ku ofesi ya msonkho wondiuza zomwe ndiyenera kulipira. Ndinawerenga, ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinawerenganso. Ngakhale ndikanagulitsa kanyumba kaja pamodzi ndi mphunzitsi wake, sindikudziwa ngati zikanakwana. Apa m'pamene maso anagwera pa tizilembo tating'ono ta mashilingi kutsogolo kwa nambala. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Chilolezo changa chogwirira ntchito chinali pafupi kutha, ndipo sachiwonjezera kwa munthu amene ali ndi mlandu wa msonkho. Ndinayamba kudziona ndikutsika ndege ku Lilongwe, wopanda ntchito, mwinanso wopanda banja.

Nditafotokozera akazi anga, anangoti, "Tipitira limodzi. Ndikamve ndi makutu angawa."

Tinakwera minibasi, zija kuno amati matatu (za takisi zinali zitatha, ndinali nditabwerera ku umphawi). Ku ofesi ya msonkho tinapeza mayi wina wa magalasi, wodekha, amene anayang'ana pa kompyuta kenako n'kuyang'ana nsapato zanga.

"Nyumba zanuzi zili mbali iti ya Nairobi?"

"Ndi imodzi yokha, mayi. Ili ku Area 25."

"Kumeneko ndi cha ku Kasarani?"

"Ayi. Ku Lilongwe."

"Lilongwe ya ku Kenya kuno?"

"Ya ku Malawi."

"Ndiye lendi yake amakulipirani mashilingi onsewa?"

"Makwacha," ndinayankha motsitsa mawu.

Mayiyo anatsamira pa mpando. Anakodola mnzake wa tebulo lina, nati, "Njoo uone," kutanthauza kuti bwera udzaone. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, chiyambireni ntchito ino ndimalimbana ndi anthu obisa zomwe ali nazo. Inu mwaulula zomwe mulibe, kudziko lomwe silinakufunseni n'komwe. Msonkho wa nyumba imeneyi ndi wa kwanu. Kauperekeni kwanu."

Kumbuyo kwanga ndinamva kamawu ngati ketulo ikuyamba kuwira. Anali mayi a Tadala. Anaseka mpaka kugwira khoma, misozi ili chuchuchu, mpaka wolondera pakhomo anasuzumira. Sindinakondwerepo ndi kusekedwa ngati tsiku limenelo, poti tsopano anali atakhulupirira kuti mafulati aja kulibe.

Kukonza fomu kunatenga maulendo angapo ndi makalata ochokera kwa mphunzitsi uja, koma zinatheka, ndipo chilolezo chinatuluka. Ndinalembetsanso ku ofesi ya msonkho ya kwathu n'kupereka wa kanyumbako, mu makwacha ake enieni. Chimenechi ndimachinyadira, sekani musaseke.

Chinatsala ndi mwambo wa thumba la maliro. Ndinaganiza zodwala tsikulo, koma akazi anga anasita suti n'kuiyala pabedi. Atandiitana kutsogolo, anthu akuwomba m'manja moyembekezera cheke chachikulu, ndinagwira maikolofoni n'kufotokoza zonse, kuyambira pa tiyi wa Loweruka mpaka kwa mayi wa magalasi. Holo inagwedezeka ndi phwete. Ndinapereka kanga kochepa, ndipo palibe anafunikira kowerengera.

Phokoso litazizira, a Mbewe anaimirira akupukuta m'maso. "Abale, thumba lathu lilibe msungichuma. Munthu amene amaulula ndi zomwe alibe sangabe zomwe zilipo. Mukuti bwanji?"

Manja onse anakwera. Ndinaima chilili, chifuwa patsogolo, kuyang'ana uku ndi uku kuti aliyense aone nkhope ya munthu wokhulupirika.

"Koma pali lamulo limodzi," anawonjezera a Mbewe. "Makiyi asunge iwowa. Zowerengera, mayi a Tadala."

Ndinakweza dzanja kuti nditsutse, poti masamu ndinakhoza bwino kusukulu. Akazi anga analigwira n'kulitsitsa pang'onopang'ono, akumwetulira kwa anthu.