Kope Langa Likusutidwa pa Geti Panu

Kwa Bwana Woona za Ubale ndi Alimi,
Kampani ya Fodya ya Tsambalathu,
Kasungu.

Wolemekezeka Bwana,

Tchulani mzere umodzi. Umodzi wokha, wa m'kope lija ofesi yanu inandiitanitsa mwezi wa Epulo kuti muliwerenge. Mukautchula, ine Jeremiya Nthanda ndiyenda wapansi kuchokera kwa Chulu mpaka pa Boma, ndidzagwade pa geti panu masanasana anthu akuona, ndipepese. Mukalephera, khalani pansi muwerenge kalatayi mpaka pomwe yathera. Chikhala chinthu choyamba cholembedwa ndi ine chimene mwafika nacho kumapeto.

Mwina mwandiiwala, poti anthu akuluakulu mumaona nkhope zambiri. Ndine mlakatuli uja wa jekete lofiirira, amene mumamuitana chaka ndi chaka pa tsiku lanu la chionetsero cha alimi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ndakatulo ndinadziphunzitsa ndekha, khutu lili pa wailesi manja akusoka fodya, ndipo ndalakatula pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano ya mpingo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Fodya akachoka m'chigafa changa ndimasesamo n'kuikamo mabenchi. Loweruka anthu amabwera kudzawerengerana ndakatulo, Lachitatu masana ndimaphunzitsa ofuna kulemba. Kukometsa mawu sindikudziwa, chinthu ndimachitchula dzina lake. Koma lero ndavala ulemu wonse umene ndili nawo, mpaka ukundithina m'khosi, chifukwa ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha malo amene mumandipatsa pa mwambo wanu. Pa pulogalamu dzina langa sililembedwa. Pamalembedwa kuti "Zosangalatsa podikira Mlendo Wolemekezeka", ndipo zosangalatsazo ndine. Inu mukachedwa maola awiri, ine ndimakhala munthu wofunika kwambiri m'boma lonse la Kasungu. Fumbi la galimoto yanu likangooneka kuseri kwa mabulugamu, wotsogolera mwambo amandikoka jekete, wa zokuzira mawu n'kuzimitsa, ine n'kutsala ndikuyasamula ngati nkhuku ya chitopa. Zaka zisanu ndi chimodzi, Bwana, sindinamalizepo ndakatulo pa bwalo lanu. Ndili nayo ina ya nazale, ya ndime zisanu ndi ziwiri. Alimi a kwa Chisemphere amaidziwa pamtima mpaka ndime yachinayi, chifukwa ndi pamene mumakonda kufikira. Mphunzitsi wina wa ku Lisasadzi anachita kundifunsa mwaulemu ngati kulekeza ndakatulo panjira ndi luso latsopano limene ndikuphunzitsa. Zikomonso chifukwa cha matisheti asanu ndi imodzi amene mwandipatsa pa zaka zimenezi. Onse ndi a msinkhu wa mimba yanu, moti akazi anga analumikiza awiri n'kukhala katani ya kuchipinda.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chokonda kuwerenga. Chaka chatha munalakwitsa n'kufika mwakachetechete pa galimoto ina, anthu anu osakuzindikirani msanga, ndiye munamva ndime yachisanu. Ndi ija imanena za belo lochoka kumudzi lili fodya wapamwamba, n'kukafika kumsika litatsika magiredi awiri panjira ngati ladwala malungo. Anthu anaseka, inu simunaseke. Chaka chino kunabwera lamulo lakuti ndakatulo iliyonse izionedwa kaye ku ofesi. Ndinakopera imodzi papepala n'kupita nayo. Mlembi wanu anaiyang'ana ndi diso limodzi n'kunena kuti Bwana akufuna zonse, asankhe okha yopanda minga. Apa ndiye pali kulakwa kwanga, ndipo ndikuvomera, kamodzi kokha. Mtima wanga ndi wapachala. Ndinatulutsa kope lonse m'chikwama, kulimenyetsa pa tebulo mpaka tiyi wa mlembi kutayika, n'kunena kuti awerenge zonse, ine sindibisa kanthu. Ndinatuluka ndikudzimva kuti ndine mwamuna. Ndinafika kunyumba ndilibe kope.

Popeza simunalitsegule, ndikuuzeni zimene zilimo. Ndi kope lakuda la chikuto cholimba. Kutsogolo kuli ndakatulo zanga. Kumbuyo kuli za ophunzira anga, chifukwa m'chigafa mwathu tili ndi mwambo: munthu akamaliza ndakatulo n'kuiwerenga pamaso pa anzake osathawa, amailemba yekha m'kope lalikulu ndi dzanja lake. Kumapeto kwenikweni kuli ndakatulo zinayi za mayi Lefina.

Mayi Lefina simukuwadziwa, ngakhale chala chawo chadinda mapepala a kampani yanu kwa zaka zambiri. Anachokera chakumpoto ali mtsikana kudzakhala tenanti pa esiteti, ndipo anasankha fodya zaka makumi atatu. Tsamba ankalidziwa giredi yake pongolikhudza, maso ali kwina. Anafika m'chigafa mwanga ali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, akuti sanabwerere ndakatulo ayi, akungousa mvula. Mvula inakata, iwo sanachoke. Lachitatu lotsatira anabweranso, kunja kuli ngwee. Tinayambira pa a, e, i. Ankagwira pensulo ngati mpini wa khasu n'kumanditukwana m'Chitumbuka ndikawakonza. Patatha zaka ziwiri analemba ndakatulo zinayi, malemba ake akuluakulu, opendekera mbali imodzi ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Anamwalira Febuluwale wa chaka chatha. Mwana wawo Temwa wamanga chiliza, ndipo mwambo wake uliko Loweruka lachiwiri la Seputembala. Temwa akufuna adzaimirire pamenepo, atsegule kope, aonetse abale ake aja ankati amama ake anafa ali munthu wodinda chala. Sakufuna mawu okha. Akufuna malembawo, dzanja lenilenilo.

Chachitatu, ndipo apa ndathokoza ndi manja awiri, zikomo pondipezera munthu wokonda ntchito yanga. Ndabwera ku ofesi kwanu kasanu. Koyamba munali ku msonkhano. Kachiwiri munali ku Lilongwe. Kachitatu ndi kachinayi munalipo koma munali kulibe. Kachisanu ndinatopa n'kukhala pa benchi m'kanyumba ka alonda, pafupi ndi a Grey, mlonda wanu wa imvi uja. Tikucheza za mvula, a Grey anatulutsa kathumba ka fodya wa chingambwe, n'kupisa dzanja pansi pa benchi, n'kung'amba pepala. Analipinda bwinobwino, kunyambita m'mphepete, kuyatsa. Akukoka kachiwiri ndi pamene ndinaona chilembo cha "m" chachikulu, chopendekera, chikupita kumoto.

Mawu amene ndinalankhula pamenepo sindiwalemba, chifukwa kalata ino ndi yaulemu. Ndinawazula nduduyo pakamwa, n'kupsa chala. Nditaifunyulula, panali patatsala mizere iwiri:

Manja angawa ngowawa, Temwa, usawanyambite,
koma ndi omwewa anakulera.

A Grey anandifotokozera kayendetsedwe ka ofesi yanu, ndipo ndagoma nako. Akuti pepala lililonse lochokera kwa alimi limadindidwa chidindo chakuti laonedwa, n'kuponyedwa m'katoni pansi pa tebulo la mlembi. Katoni ikadzaza imapita kwa alonda. Madandaulo a alimi a kwa Chulu amakulungira zitumbuwa za amayi ogulitsa pa geti. Kope langa, poti ndi la pepala lofewa, a Grey anadzisungira. Ndipo Bwana, m'zaka zonsezi palibe amene anayamikirapo ntchito yanga mochokera pansi pamtima ngati bambo amenewa. Akuti mapepala anga amayaka mofatsa, sathamanga, sazima panjira, ndipo sakanda kukhosi. Akuti timabuku tanu tonyezimira tija, ta alimi osekerera atanyamula fodya, sitiyaka n'komwe, timangonunkha. Amang'amba kuyambira kumbuyo kuti ulusi wa kope usamasuke, chifukwa ndi munthu wosamala zinthu. Mwa ndakatulo zinayi za mayi Lefina, ziwiri anasuta mu Meyi. Yachitatu ndi imene ndinawalanda pakamwa. Yatsala imodzi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha chitetezo. Nditanyamula kope langa kuti ndizipita, a Grey anaima pakhomo osasuntha. Akuti chilichonse chodindidwa chidindo ndi katundu wa kampani, ndipo katundu wa kampani satuluka pa geti popanda chikalata chosainidwa ndi inu. Akandilola, ntchito yawathera, ndipo ali ndi ana kusukulu. Ndinabwerera kwa mlembi. Ndinapempha kuti ndikopere ndakatulo yotsalayo, akuti kukopera zikalata za kampani n'koletsedwa. Temwa anabwera ndi foni yake kuti angojambula tsambalo, akuti kujambula ndiye mlandu weniweni. Ndinafunsa ngati kusuta zikalata za kampani n'kololedwa. Anandiyankha kuti za alonda si za ofesi yawo.

Ndiye ndamvetsa, Bwana, ngakhale ndine wa Sitandade 6. Kope langa ndi lamtengo wapatali moti silingatuluke pa geti, komanso ndi lachabechabe moti lingathe kuyatsidwa. Likhoza kutuluka pokhapokha litasanduka utsi, chifukwa utsi wokha ndi umene alonda anu saufunsa chikalata. Nzeru zotere sitingazipeze m'chigafa. Zimafuna munthu wa madigiri ndi mpando wozungulira.

A Grey sindikuwaimba mlandu, ndipo musayerekeze kuwachotsa ntchito kuti muoneke ngati mwachitapo kanthu. Iwo anapatsidwa zinyalala ndi ofesi yanu n'kuzipezera ntchito. Atamva za mayi Lefina anavula chipewa. Tinagwirizana kuti asiye kung'amba, ine ndiziwapezera pepala lina. Choncho Lolemba lililonse ndimapalasa njinga kuchokera kwa Chulu nditamanga nyuzipepala zakale pa keriyala, kukaombola ndakatulo sabata imodzi imodzi. Amalandira, koma amadandaula kuti nyuzipepala imawawa. Vuto ndi mlonda mnzawo wosinthana nawo, amene sanalonjeze kanthu kwa aliyense ndipo amasuta kuposa chigafa chopsa. A Grey anabisa kope pamwamba pa mtanda wa denga, koma mnzawoyo ndi wamtali. Iye sayambira kumbuyo, amang'amba pamene patseguka. Lolemba lapitali ndinapeza kuti ndime zitatu zomaliza za ndakatulo ya nazale zapita. Sindinakwiye kwambiri. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, munthu wa kampani yanu waimaliza.

Zangazo ndizilembanso, zili m'mutu. Za mayi Lefina sizili m'mutu mwa munthu aliyense, ndipo dzanja limene linazilemba lili pansi pa simenti. Sabata iliyonse imene inu muli ku msonkhano, tsamba limenelo limagona pamwamba pa mutu wa munthu wokhala ndi machesi m'thumba. Temwa amabwera kwathu Lachitatu lililonse, amakhala pa benchi pamene ankakhala amayi ake. Amangoyang'ana chikwama changa. Ine amene ndimadzitama kuti sindisowa mawu, ndimayang'ana pansi. Ndinawaphunzitsa mayi aja kulemba ndi kuwalonjeza kuti cholembedwa sichifa. Mwandisandutsa wabodza pamaso pa mwana wawo.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Sindikupempha kuti dzina langa lilembedwe pa pulogalamu. Sindikupempha kupepesa, ndikudziwa kuti m'nyumba yanu yosungira katundu mulibe. Tisheti yachisanu ndi chiwiri mumupatse wina, makatani atikwanira. Ndikupempha dzina lanu pa kachikalata kamodzi kotulutsira katundu. Ndinakadzaza kale, kali pa tebulo la mlembi, pamwamba, osati m'katoni. Pamene pafunsidwa mtundu wa katundu ndinalemba kuti zolemba za mayi Lefina. Mlembi anafufuta n'kulemba kuti mapepala otha ntchito. Sainani chomwecho, sindikangana nazo. Mwasainira mabelo zikwizikwi osawatsegula, ili silingakulemereni dzanja.

Lachisanu la sabata yoyamba ya Seputembala ndidzakhala pa geti panu kuyambira mmawa, ndi jekete lija. Ndikadzachoka ndi kope, Temwa adzaonetsa abale ake tsamba limodzi lotsalalo, ine ndidzakhala chete, ndipo dzina la kampani yanu silidzatchulidwa kumanda. Ndikadzachoka chimanjamanja, ndidzaimirira pa chiliza ndi kachidutswa kopserera kaja, ndiwerenge mizere iwiri, kenako ndiwauze anthu kumene ina yonse inapita, ndi amene anali ku msonkhano pamene inkapita. Kudzakhala alimi a kontirakiti yanu ochokera kwa Chulu mpaka kwa Chisemphere. Kumanda kulibe wa zokuzira mawu woti azimitse, kulibe wondikoka jekete, ndipo fumbi la galimoto yanu silifikako. Tsiku limenelo ndidzamaliza.

Sainani, Bwana, ndipo bwezani kope. Ngati cholembera chasowa mu ofesi, ndasiya changa kwa a Grey. Chimenecho sangasute.

Ine wanu wodzichepetsa mpaka Lachisanu limenelo,

Jeremiya Nthanda,
Wosangalatsa anthu podikira alendo,
Kwa Chulu.