Mulu wa Miyala wa ba Fada

Mpaka lero ndikaona miyala itaunjikidwa pambali pa msewu, ndimailambalala patali.

Nditangofika ku Lusaka kuchokera kumudzi kwathu ku Chipata, amalume a ku Kabwata anandipezera ntchito yosamalira maluwa kwa wansembe wa ku Ailandi, ku Woodlands. Anandichenjeza kuti: "Ukangolakwitsa, basi ya ku Chipata ikudikira."

M'nyumba mwa ba Fada munali chithunzi cha phiri lopanda mtengo ndi umodzi womwe, pamwamba pake mulu wa miyala. Ankachiyang'anitsitsa kawirikawiri.

"Kwathu uko," anatero tsiku lina. "Palibe adziwa amene anaunjika. Ena akuti manda a mafumu, ena akuti malire. Iwe uganiza bwanji?"

"Sindidziwa, Bambo," ndinayankha maso ali pansi.

Koma mumtima ndinati munthuyu wapukwa kwawo. Choncho atapita ku Ndola kwa mlungu umodzi, ndinatenga wilibala n'kututa miyala imene ndinaipeza pambali pa msewu (sindinafunse mwini wake, kumudzi mwala ulibe mwini). Ndinaiunjika pakati pa kapinga, ndikuyerekeza ndi chithunzi chija. Muluwo unakongola, musandinamize.

Lachitatu azimayi a kwaya anabwera kudzasesa. Mmodzi anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ba Fada anamwalila liti? Mwawaika ngati galu, osatiuza?"

Ndinafuna kufotokoza, koma ndi manyazi ndinangowerama. Kuwerama kwangako anakutenga ngati chisoni, nayamba nyimbo ya maliro.

Lachinayi kunafika ba Cheyamani a chipani a m'sekishoni, dera lathulo, ndi anyamata awo awiri. Masiku amenewo ndege za ku Rodeshiya zinkaponya mabomba, ndipo chilichonse chachilendo pakhomo pa mzungu chinali mlandu.

"Iwe mufana, ni manda olo ni mfuti mwabisa pansi apa?"

Mnyamata wina anati ayi, n'chizindikiro choti ndege zizionera kumwamba. Ndinaiona basi ya ku Chipata m'maso mwanga, injini italira kale.

Anyamatawo ali mkati mogumula mulu uja, galimoto ya ba Fada inalowa pageti. Azimayi awiri a kwaya amene anabweranso kudzalira anathawa kudumpha maluwa anga, poyesa aona mzukwa. Apo n'kuti ba Cheyamani akutembenuza mwala wina wopakidwa laimu.

"Aa! Iyi ni myala yathu ya ngalande ya sekishoni! Tinaisakila wiki yonse!"

Ba Fada anayang'ana mulu, nayang'ana ine, kenaka anaseka mpaka kutsamira galimoto.

"Manda, mfuti, ndege! Mulu wakwathu uja watenga zaka zosawerengeka kuti anthu aupekere nkhani, wako masiku anayi okha. Koma iwe tili nawe pompano. Tiuze, unaunjikiranji?"

Anthu onse anatchera khutu. Kunena pagulu kuti ndinamvera chisoni wansembe? Ine?

"Sindidziwa, Bambo."

Ntchito sanandichotse, koma miyala ndinaibweza ndekha, wilibala ikulira msewu wonse. Kuyambira pamenepo ndimakhulupirira kuti ku Ailandi kuja kunalinso munthu wamanyazi amene ankangofuna kusangalatsa abwana ake. Atamufunsa, nayenso anangoti sadziwa.