Nyimbo Yomwe Inawaliza a Chiphaliwali

A Chiphaliwali, owotcherera zitsulo aja omwe shopu yawo inagundana khoma ndi yanga, ankayeza kukoma kwa nyimbo ndi masipanala. Ankati nyimbo yolephera kugwetsa sipanala pamsomali si nyimbo, ndi moni chabe. Zawo zinali za hevi meto, zija magitala amalira ngati makina odulira zitsulo, woimba n'kumakuwa ngati wathiridwa mafuta otentha.

Ine ndine telala. Wailesi yawo ikayamba, mashini anga ankayenda okha.

"Achimwene, tsitsaniko pang'ono! Thalauza la kasitomala lakhota!"

"Yokhota ndi miyendo yakeyo," ankayankha, uku akupukusa mutu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe.

Akazi awo ankabweretsa chakudya masana, thonje lili m'makutu. Ankangofika n'kuzimitsa wailesi osapempha, chimunthu chonsecho n'kuti zii ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Mayiwo atamwalira, panalibenso wozimitsa. Eni nyumba anabwera kudzaopseza, koma anabwerera mawu awo asanamveke.

Kenako gulu lawo lapamtima linatulutsa nyimbo yachilendo: gitala imodzi yopanda magetsi, ng'oma palibe, woimba akuchita kunong'ona za munthu yemwe amaikabe mbale ziwiri patebulo. A Chiphaliwali analowa mwanga akupuma mwaphuma, foni ili m'mwamba.

"Atigulitsa! Tamvani izi. Gitala ngati udzudzu. Woimbayu wadwala kapena wakwatira?"

"Ndiye musamaimvere."

"Ndikufufuza pomwe analakwitsa."

Anafufuza mwezi ndi mwezi. Tsiku lina masana ndinapita kukabwereka pulayala, ndipo ndinawapeza atakhala pabenchi, chigoba chowotcherera chili kumaso koma moto atazimitsa, nyimbo ija ikulira pansipansi. Pachibwano pankadontha madzi.

"Ndi utsi," anatero.

"Utsi wake uti, achimwene?"

Anakweza chigoba.

"Ndikuuzeni vuto la nyimboyi. Zinazija zimakuwa m'malo mwako, iwe n'kumagwira ntchito. Iyi imasiya mipata. M'mipatamo ndimamva mayi aja akutsokomola kukhitchini." Anapukuta mphuno ndi golovesi. "Ndi nyimbo yoipa zedi. Taibwezani, manja anga ngakuda."

Ndinaibweza. Itatha anandiyang'ana, ndinaibwezanso.

Mtima unawaimira pantchito chaka chomwecho, n'kumwalira pomwepo, geti la mwini lili theka. Panopa m'shopumo muli mayi wogulitsa makatani, waulemu, wolankhula motsitsa. Aneba onse akuti mpumulo wafika, ngakhale mwana wakhanda wa kubwalo kwathu akugona masana.

Dzulo ndinangozindikira ndikumenya khoma ndi chikhatho, monga ndinkachitira wailesi ya a Chiphaliwali ikakwera. Mayiwo anabwera msanga, manja ali pamodzi.

"Pepani, bambo, kodi ndikukusokonezani?"

"Ayi, amayi," ndinatero. "Simukundisokoneza ngakhale pang'ono."

Atatuluka ndinatenga ulusi kuti ndipitirize ntchito, koma bowo la singano silinkaonekanso.